Alongo Anu ndi Njira Yofiira

Alamu anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Bondo lija likukulolani kufika kumunda, kapena mukuyenderabe ndodo? Ndinamva kuti linatupanso nthawi yozizira ija ndipo ndinadandaula kwambiri. Musamalikakamize, ntchito zowerama muziwasiyira ana. Nanga abambo a kunyumbako, chifuwa chija chinawasiya? Ife kuno tadzuka. Ine m'thupi ndilibe chodandaula kupatula zala zimene zang'ambika ndi sopo. Koma za alongo anu, ndiye nkhani imene yandigwiritsa cholembera lero.

Mudabwa kuti bwanji kalata pamene foni ilipo. Ndikaimba, alongo anu amakhala ali pomwepo, amandilanda foni n'kuyamba kukuseketsani, ine mawu n'kundithera m'kamwa. Ndiye ndati ndilembe, ndinene chilichonse pamalo pake, inu muwerenge mutakhala pansi. Mukamaliza musaisiye patebulo poti ana angaione, muli zina zochititsa manyazi.

Mukudziwa kale kuti tikugwira ntchito pa nyumba yogona alendo, ine kochapira, iwo kumaluwa ndi kutchetcha kapinga. Chimene sindinakuuzenipo bwino ndi mtundu wa alendo ake. Dera lino ndi la mapiri okhaokha, nkhalango ya mitengo ya matabwa, ndi nyanja pakati. Malo athyathyathya kulibe, ngakhale popita kugolosale umachita kukwera. Ndiye anthu amachoka kutali, ena pa ndege, kudzapalasa njinga m'mapiri amenewa. Sanyamula kanthu. Sapita kwa munthu. Amanyamuka pageti m'mawa, kuzungulira tsiku lonse, n'kubwerera pageti pomwepo ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, n'kumagwirana chanza ngati abweretsa china chake.

M'chipinda chodyera muli mapu aakulu pakhoma, misewu yake anaijambula ndi mitundu. Njira yobiriwira imazungulira nyanja, ndi ya ongoyamba kumene ndi a mimba zazikulu. Yachikasu imalowa m'nkhalango n'kukatulukira pamlatho. Yofiira ndiyo imakwera phiri lalikulu, kudutsa pamacheka pomwe amachekera matabwa, makona okhaokha mpaka pamwamba pamene pali nsanja ya mafoni. Kwathu munthu ukafika pachitunda umatsika n'kukankha, palibe amakuseka. Kuno kutsika ndi manyazi aakulu. Munthu amalolera kusanza ali pachishalo kusiyana n'kuti anzake amuone akukankha. Ndipo msewu wabwinobwino wodutsa m'munsi mwa phiri ulipo, amausiya dala.

Zimenezo n'zawo, sindikanalankhulapo. Koma zovala zawo zimathera m'manja mwanga. Alamu, ndachapa zambiri pa moyo wanga, matewera a ana, zofunda za amayi anga pamene ankadwala, sindinachitepo nseru. Izi zokha zandigonjetsa. Kabudula wake ndi wothina ngati chubu, ali ndi malamba okoleka m'mapewa, ndipo pakati anasokererapo siponji. Mkati savala kanthu. Ndibwereze kuti mumvetse, savala kanthu. Ndiponso asanavale amapaka mafuta oyera pa siponjipo ndi pathupi pomwe amakhalira, ati kuopa kusupuka. Tsono muganize, tsiku lonse padzuwa, thukuta, mafuta aja, kenaka n'kuponya m'dengu n'kutseka chitseko. Pofika kwa ine m'mawa mwake dengu limakhala lofunda ngati muli chamoyo.

Malaya ake matumba ali kumsana. Ndisanaponye m'makina ndiyenera kupisa thumba lililonse, ndipo sindidziwa chimene ndikumane nacho. Makoko a nthochi akuda bii, timapepala tomata ta zotsekemera zimene amayamwa panjira, mipango ya mamina. Magolovesi ndiye musanene, chala chachikulu ndicho chopukutira mphuno, chimachita kuuma gwa. Ndinadzisemera kandodo kotolera. Adona, eni malo ano, amaletsa madzi otentha, amaletsa mankhwala oyeretsera, amaletsa nsimbi, ati nsalu yake imafa. Chovala chosawiritsa, chosasita, ine sindichiwerengera kuti chachapidwa, koma poti ndi lamulo la pantchito ndimangoyanika nditayang'ana kumbali.

Poyamba ine ndi alongo anu tinkaseka limodzi. Tikaweruka ankanditsanzirira mmene alendowa amayendera, chifukwa nsapato zawo zili ndi kachitsulo pansi kokolera ku chopalasira, ndiye akatsika amayenda chotang'adza, kwakwakwa pasimenti ngati mbuzi zalowa m'tchalitchi. Ankati anthu awa ungowamangirira matumba a makala kumbuyo tsiku limodzi lokha, misala yonse itha. Inu mukudziwa kuti ankanena zimene akuzidziwa. Zaka zonse zija ankakwera zitunda za kwathu ndi katundu wa eni pakaliyala, mpaka msana unapindika.

Awononga zinthu ndi amakaniko. Amenewa ndi bambo a msinkhu wawo womwewo, amakonza njinga za alendo m'shedi ya kuseri kwa khitchini, ndiponso amayendetsa galimoto yotsatira opalasa pambuyo, yonyamula madzi ndi anthu otopa. Alongo anu anayamba kumakhala m'shedimo nthawi ya nkhomaliro, ati akungothandiza kugwira sipanala. Mosakhalitsa amakaniko anawalumikizira njinga kuchokera ku zidutswa zotayidwa, felemu ya uku, mawilo a uko. Anabwera nayo kunyumba ataitukula ndi zala, ati mayi taonani, tainyamulani, ikupepuka kuposa nkhuku. Ndinafunsa kuti kaliyala ali kuti, nanga ine ndizikhala pati popita kutchalitchi. Anaseka mpaka kutsokomola.

Masabata oyamba ankapalasa ndi buluku lawo atalowetsa m'masokosi, kungozungulira nyanja. Ndinati bola, aziwongola miyendo. Kenaka tsiku lina lopuma anatsatira gulu la alendo pa njira yofiira, ndipo pachitunda cha pamacheka anawapitirira onse, mmodzimmodzi, atavala majombo a kumaluwa. Akuti pamwamba anawaombera m'manja, kuwajambula, wina mpaka kuwapsompsona padazi. Amakaniko anawapatsa dzina loti Thirakitala, alendo n'kulitola. Lero ukawaitana kuti bambo sakumva, koma wina akangokuwa kuti Thirakitala amasiya paipi ikutaya madzi. Kuchokera tsiku limenelo, alamu, munthu uja ndinamutaya.

Tsopano imvani. Kochapira kuli bokosi la zovala zimene alendo amaiwala. Tsiku lina ndikulowa m'nyumba ndinapeza alongo anu ataima pagalasi, atavala kabudula wa m'bokosi lija. Wa munthu wina, alamu. Ndinamuzindikira, anali wa chibambo china chandevu chimene chinkatuluka zithupsa, ndipo ndinamunyamulapo ndi kandodo kanga. Ndinawafunsa ngati mkati avalamo kanthu, anangoyang'ana kudenga. Bambo wa imvi, wa zidzukulu, chilichonse chimene Mulungu anawapatsa chili poyera ngati katundu wa pamsika. Ndinawauza kuti akamatuluka choncho azidzera kuseri, ndipo akakumana ndi aliyense wa kutchalitchi asanene kuti ndi amuna anga. Sabata yomweyo anakumana ndi amayi abusa kugolosale. Anaima n'kuwapatsa moni wautali, kufunsa za ana mmodzimmodzi. Amayi abusa mpaka lero akandiona amangondigwira paphewa ngati ndaferedwa.

Kabudulayo ndinamuwiritsa mumphika wakale iwo ali kuntchito, lamulo la adona silifika kunyumba kwanga. Anatuluka atakhwinyata, malamba atatalika mpaka m'mawondo. Ndinati zatha. Madzulo ake anabwera ndi wina wa m'bokosi lomwe lija, wachikasu.

Sizinathere pomwepo. Madzi a kubafa anasiya kutsika, ndinapisa waya m'paipi n'kutulutsa chimtolo cha ubweya. Ndinayesa mwafera khoswe. Ayi, alongo anu ameta miyendo. Ndi lezala langa. Ati opalasa enieni amatero, kuti ukagwa bala lisavute kutsuka. Ndinati ndiye kuti kugwako mwakonzekera kale. Miyendo ili see ngati ya nkhuku yososola, ikandikhudza m'bulangete ndimadzidzimuka ngati pabedi palowa mlendo. Njinga nayo imagona m'chipinda, ati panja igwidwa chinyezi. Katani wanga woyera uja ali ndi chidindo cha tcheni. Mswachi wanga ndinaupeza pazenera uli bii, ati anauyesa wakale.

Zonsezi ndi zonyansa chabe, munthu safa nazo. Chimene chandilembetsa kalata ndi ichi.

Mukukumbukira kuti tisananyamuke kwathu anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwe lija linatenga abambo anu. Munali pomwepo pamene anamwino ankanena kuti mankhwala ake ndi a moyo wonse, osadumphitsa. Chichokereni ndimawapatsa ndekha m'mawa uliwonse, kam'bulu koyera pasosala pambali pa tiyi, ndipo sindichoka mpaka ameze. Kam'bulu kameneka kamachititsa munthu kutaya madzi pafupipafupi m'mawa wonse, ndi mmene kamagwirira ntchito.

Mwezi watha ndikuchapa malaya awo opalasira, poti nawonso ali nawo tsopano, ndinapisa m'thumba la kumsana n'kupeza zoyera zitamatirira ku khoko la nthochi, ngati laimu. Ndinanunkhiza, kenaka ndinalawa pang'ono ndi nsonga ya lilime, Mulungu andikhululukire. Kuwawa kwake ndinakuzindikira. Ndinatsegula kachikwama ka pansi pa chishalo chawo. Pakati pa chubu ndi zigamba munali timibulu tambiri, tina titasungunuka mbali imodzi. Munthu wamkulu ankabisa m'kamwa, kumwa tiyi ine ndikuona, kundithokoza, akatuluka n'kulavulira m'manja.

Ndinatiyala patebulo nthawi ya chakudya. Anayamba ndi kuseka, ati mayi, inu mukanakhala wapolisi mbava zikanatha m'dziko. Ataona kuti sindikuseka anafotokoza. Ati akamwa, chikhodzodzo chimadzaza asanafike n'komwe pamacheka. Kabudula uja, poti malamba ake ali mkati mwa malaya, kuti munthu adzithandize ayenera kuvula chipewa, malaya, zonse, m'mbali mwa msewu. Gulu silidikira. Ukaima pachitunda miyendo imazizira, anzako n'kumangowaonera patali. Ndiye ati amangodumphitsa masiku opalasa okha. Ndinafunsa kuti osapalasawo ndi ati, poti ngakhale tsiku la ntchito amayamba akwera kaye. Ati njingayo ndi mankhwala payokha, thukuta limatulutsa matenda onse, anatero amakaniko. Ndinati amakaniko akonze matcheni, magazi a amuna anga awasiye. Ndinafunsanso kuti moti bambo mukusinthanitsa moyo wanu ndi mkodzo? Ati mayi mukulankhula zonyansa pa chakudya. Ine! Wonyansa ndakhala ine.

Analonjeza kuti asiya. Kuyambira pamenepo ndinkawauza kuti ayasamule ndione, atukule lilime, ndipo kwa masiku angapo zinayenda.

Kenaka Loweruka lina mayi amene amakhala m'galimoto ya amakaniko kugawa madzi ndi nthochi anadwala, adona n'kutuma ine. Ndinanyamuka iwo asanadzuke, kam'bulu ndinakasiya pasosala n'kuvindikira ndi kapu. Kanali koyamba kukwera galimoto imeneyo. Mkati mwake fungo la dengu langa lija, kuphatikiza girisi ndi nthochi zakupsa. Imayenda pang'onopang'ono pambuyo pa womalizira, ndiye zimene umaona pagalasi tsiku lonse ndi matako a anthu akugwedezeka. Amamina osaima, kutseka mphuno imodzi ndi chala n'kuphulitsa, mphepo n'kubweretsa pagalasi pathu. Amakaniko amangoyatsa zopukutira, akuimba mluzu.

Msewu wake ndinauona ndi maso angawa. Ndi wopapatiza, mbali imodzi khoma la miyala, mbali inayo phompho, nyanja ikuoneka pansi ngati beseni. Malole a mitengo amatsika osaliza hutala. M'nkhalango phula ndi lonyowa, lili ndi ndere, dzuwa silifikamo. Ndinagwira chitseko mpaka zala kuchita dzanzi. Amakaniko ati mayi masukani, taonani kukongola. Ndinati ndikaona ndikatsika.

Titadutsa pamacheka, pa kona ina yokhota kwambiri, tinapeza anthu ataunjikana. Ndinaona njinga ndisanaone munthu. Alongo anu anali chagada m'ngalande, phazi limodzi likadali lokola ku chopalasira, njinga ili pamwamba pawo. Kamfuno kakuchucha mpaka kulowa m'khutu, diso limodzi lili psuu ngati nyama. Ankati mutu ukugunda ngati muli wosula zitsulo. Alendo aja wina akuwakupiza ndi chipewa, wina akufuna kuwafinyira zotsekemera zija m'kamwa, wina watukula foni akujambula. Ameneyo ndinamukankha, ndipo sindinapepese.

Ndinawafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati anamwa. Anatseka maso. Kenaka, alamu, munthu magazi ali chuchuchu anayamba kupempha amakaniko kuti awadzutse, ati achimwene kwatsala pang'ono kufika pansanja, ndingomaliza kachitundaka ndikapumire pamwamba. Ndipo amakaniko anayambadi kuwongola mahandulo! Ndinawalanda njingayo, ndinaiponya ndekha m'galimoto, ndipo ndinanena mawu ena amene sindingalembe pano. Apo m'pamene anawanyamula.

Kuchipatala anawayeza kuthamanga kwa magazi, anamwino n'kukatenganso makina ena poganiza kuti oyambawo afa. Anawagoneka, anawapatsa mankhwala, pofika madzulo zinatsikako. Ine mumtima ndinati mwina zachitika bwino, tsopano amva kuchokera kwa adokotala, njinga ija tikaipachika kudenga. Mawu onse ndinakonzeratu. Tikulowa mu ofesi, chinthu choyamba kuona kuseri kwa chitseko, njinga. Yopanda kaliyala. Chipewa chili pamsomali limodzi ndi chopimira pachifuwa chija. Ndinasuzumira pansi pa tebulo, pakati pa buluku ndi sokosi, mwendo wa adokotala uli see.

Adokotala anafunsa kuti anagwera pati, alongo anu ati kumtunda kwa macheka, pa kona ya mwala wong'ambika. Adokotala ati eee, pamenepo pamavutadi, inuyo mumakwera ndi giya yanji? Anakambirana za magiya, ine nditakhala pomwepo ndi malaya a magazi pamiyendo. Nditatsokomola mwamphamvu m'pamene anakumbuka ntchito.

Kunena zoona, zimene ananena pambuyo pake zinali zomveka, ndipo ndinawapempha abwereze kuti ndisaphonye. Anati njinga si yoipa, imathandiza mtima, koma kwa munthu amene akumwa mankhwala ake. Anati kukwera phiri lija magazi ali mmene analili ndi kudziitanira kufa ziwalo kapena imfa ya pomwepo, ndipo ulendo uno angopulumuka. Anawonjezera kam'bulu kena. Analamula kuti kuzungulira nyanja pang'onopang'ono angathe, koma njira yofiira asaiyandikire mpaka adzawayezenso kumapeto kwa mwezi wamawa. Za mkodzo anati aziima ngati munthu wina aliyense, tchire ndi lambiri.

Pa mawu onsewo alongo anu anatolapo oyamba okha, akuti njinga si yoipa. Ndi amene akuuza aliyense, alonda, ophika, ngakhale abusa.

Tsono vuto ndi ili. Mwezi wamawa, tsiku lokayezedwa lisanafike, kuli mpikisano waukulu wotsekera nyengo ya alendo. Amaphatikiza njira zonse tsiku limodzi, kuyambira kunyanja, kulowa m'nkhalango, kumalizira yofiira dzuwa litatentha. Iwo akuti sapita. Koma nambala yomata kumsana ndaipeza pansi pa matiresi, ndi mapini ake omwe. Njinga yavekedwa tcheni chatsopano. Mankhwala pano akumwa, ndikumayang'ana m'kamwa mpaka kukhosi ngati ndikugula mbuzi, koma ngakhale amwe, phirilo aletsedwa. Ndipo tsiku limenelo, ndi gulu lonse lija likukuwa Thirakitala, ndikudziwa kumene kam'bulu kadzathere.

Ndayesa zanga. Ndinabisa wilo lakutsogolo kochapira, pansi pa nsalu za pabedi, amakaniko anawabwereka lina tsiku lomwelo. Ndinasiya kuchapa kabudula uja, akuchapa okha m'beseni langa losambira kumaso n'kuyanika pazenera la kumsewu. Ndinapita kwa adona, ati iwo sangaletse munthu wamkulu pa tsiku lake lopuma, msewu si wawo. Sindinalimbikire, ndinaopa kuti ndikachulutsa za matenda ayamba kuganiza ngati munthu wotere ayenera kugwira makina otchetchera. Ndinaimbira mwana wathu wamkulu, iye ati amayi asiyeni adadi asangalale, wawaona pafoni akuoneka ngati mnyamata. Ndinaopseza kuti ndilongedza ndibwerere kwathu. Ati mayi mukafike bwino, mukapereke moni. Akudziwa kuti sindingasiye munthu wodwala.

Lamulungu lapitali titachoka kutchalitchi ndinawakhazika pansi, osakalipa. Ndinawafunsa kuti pamwamba pa phiri paja pali chiyani choposa ine, ana ndi zidzukulu. Anatembenuza kapu m'manja. Kenaka anati mayi, ine ndinayamba kupalasa ndevu zisanamere, ndipo sindinakwerepo chitunda kumbuyo kulibe katundu wa munthu. Matumba a eni, mabedi a eni, odwala a eni, ukafika amangokuuza kuti tsitsa apo. Ati tsiku loyamba kukwera phiri lija ankangocheuka, kuyesa katundu wagwa, thupi linapepuka mpaka anachita mantha. Ati sankadziwa kuti miyendo imeneyi ndi yawo.

Ndi zoona, alamu, ndinalipo. Wowathowa msana ndi madzi otentha zaka zonse zija ndinali ine. Koma nditaganiza ndinawauza kuti katunduyo sanagwe ayi, wangosamukira kwa ine. Akadzagwa pa kona paja n'kudzuka mbali imodzi itafa, wowatembenuza, wowasambitsa, wowapukuta malovu ndine, kudziko la eni, m'kachipinda ka pantchito komwe adzatitulutsemo mwezi usanathe. Anatuluka kukathirira maluwa, tsiku la Mulungu.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi anu atamwalira, alongo anuwa munawalera ndinu, ndipo pa dziko pano ndinu nokha amene mukalankhula amavula chipewa ngakhale pafoni. Musawaletse njinga, mungotaya mawu, ndiponso nditamva zimene ananenazo sindikudziwa ngati n'kwabwino kuwalanda zonse. Ingowaitanani kumudzi sabata ya mpikisanoyo. Chifukwa chilipo, sindikukupemphani kunama. Denga la nyumba yanu analonjeza chaka chatha kuti adzalikonza mvula isanabwere, ndipo mpaka lero likudonthera pabedi panu. Muwauze kuti mwatopa kudikira, mukufuna iwowo osati mmisiri, ndipo mutchule sabata ya pakati pa mwezi wamawa, osati ina. Akanena kuti abwera yotsatira, mukane. Akayamba nthabwala musaseke, ndikudziwa kuti amakugonjetserani pomwepo. Tchuthi ndafunsa kale mwakachetechete, chilipo.

Akafika, padengapo asakwere okha. Akwere anyamata, iwo aziloza ali pansi pamthunzi. Njinga ya abambo a kunyumbako muibwereketse kwa aneba sabata imeneyo. Mankhwala ndidzawamangira m'kansalu, muziwapatsa ndi dzanja lanu, timibulu tonse, ndipo akayasamula muziyang'ana tsaya lakumanzere, pamene panachoka dzino. Ndi pomwe amabisa.

Za kalata ino musatchule. Akadziwa kuti nzeru yachokera kwa ine sabwera. Muimbe madzulo ataweruka, amakaniko asali pafupi. Ndipo musachedwe, alamu. Munaika kale abambo anu ndi matenda omwewa. Sindikufuna kudzatsika galimoto pakhomo panu ndi bokosi, anthu akafunsa kuti ankathamangira kuti ine n'kusowa chowauza.

Mundiperekere moni kwa abambo a kunyumbako, azivala zofunda pachifuwa. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akunyumba kwawo, kwa achemwali anga mukakumana nawo kumsika, ndi kwa ana onse. Mzime wathu amene mukutisungirayo muuzeni alimbikire sukulu, juzi ija ndatsala manja okha kuluka. Za abambo akezi asamve mayeso asanathe, ali ndi mtima wanga, sangagone.

Alongo anu akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba. Ali pakhonde, ndikuwamva akupopa matayala.

Mulungu akusungeni, ndipo andithandize.

Ine mlamu wanu,
mayi a ana a alongo anu